Tsitsi la Tiyamike pa Chithunzi

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene nsapato ya Tiyamike inaduka kachingwe tili panjira ya ku tchalitchi. Linali Sabata, chiperoni chikuwaza pang'onopang'ono, ndipo mwana wanga wa zaka zinayi anayenda njira yonse nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja. Sanalire iye. Ndinalira ndine, pakati pa nyimbo yachiwiri, anthu n'kumayesa kuti mawu a nyimboyo andilowa mumtima. Bambo ake anali atatisiya chaka chapitacho, ndipo ntchito yothyola tiyi pa esiteti ndi ya nyengo. Mvula ikamagwa masamba amaphuka, dengu limadzaza. Kukangouma, akapitawo amakuuza kuti kakhaleni kaye kunyumba, tidzakuitanani. Koma mimba ya mwana siidziwa nyengo.

Kwathu ndi kwa Khwethemule, kuno ku Thyolo. M'mimba mwa mayi athu tinatsala awiri, ine Esinati ndi achemwali anga aakulu a Felesiya, amene nawonso ndi othyola tiyi kuyambira ali mtsikana. Nditawauza maganizo anga anali akusenda chinangwa. Sanaleke kusenda.

"Pita," anatero. "Mwanayu ndi wanga, iwe unangomubereka. Koma ukafika kumeneko usakayambe kumwa tiyi, amve."

Tinaseka tonse. Ife a Sabata tiyi timangothyola, sitimwa. Ndinanyamuka patapita miyezi itatu, Tiyamike akusewera ndi anzake kuseri kwa nyumba, chifukwa ndinkadziwa kuti akandigwira chitenje sindipita.

Mulungu anandikonzera malo. Ndinapeza ntchito yosamalira agogo ena achizungu amene miyendo inawakana, mu tauni ya m'mphepete mwa nyanja yaikulu. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Anali munthu wabwino, koma Chingerezi changa cha Sitandade 6 chinkangokwana kufunsa ngati akufuna madzi. Chipinda chogona ndinkagawana ndi Asiyatu, mayi wa ku Mangochi wogwira ntchito m'nyumba ya pafupi, ndipo iye yekha ndi amene ndinkalankhula naye Chichewa. Kusungulumwa kwa ku Joni n'kwachilendo. Anthu ali ponseponse, magalimoto sakutha, koma palibe wokufunsa kuti wadzuka bwanji n'kuima kudikira yankho. Masiku ena ndikamawakonzera tiyi agogo aja ndinkatsegula kachitini n'kununkhiza. Fungo lija linkandiika pa msewu wodutsa pafupi ndi fakitale, m'mawa, dengu kumsana.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi osaphonya, ndipo pa zimenezi ndimathokoza. Tinkalankhulanso pa kafoni ka mabatani ka achemwali. Koma chaka chitatha ndinazindikira chinthu chimene chinandiopsa. Ndikagwada kuti ndimupempherere Tiyamike, nkhope yake sinkabwera. Inkabwera nsapato yoduka ija, ndi timiyendo, basi. Mayi wanji woiwala nkhope ya mwana wake?

Ndiye ndinadzimana miyezi ingapo n'kugula foni yojambula. M'sitolomo ndinaiyesa ndekha. Ndinajambula chikhatho changa, ndipo chinatuluka bwinobwino, mpaka tizipsera ta m'zala timene mitengo ya tiyi inandisiyira. Ndinaipereka kwa bambo wina wonyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, n'kuimbira achemwali.

"Achemwali, foni ikubwerayo muisamale ngati dzira. Madzi asaikhudze, fumbi lisalowe. Ndaivutikira."

"Ndamva, amake Tiya. Idzakupeza ili momwemo."

Mawu amenewo ndinawaiwala tsiku lomwelo. Iwo sanawaiwale.

Chithunzi choyamba chinafika Lamlungu masana ndikuyanika zovala. Nditatsegula, mtima unagwa. Zinali ngati chiperoni chalowa m'kati mwa foni. Panali kamunthu kataima, diresi lake losadziwika mtundu, nkhope mbuu ngati aipaka ufa, maso timadontho tiwiri. Kumbuyo kwake, kumene ndinkadziwa kuti kuli munda wa tiyi, kunali chinthu chotuwa ngati bulangeti lakale. Ndinakuza chithunzicho ndi zala, chinangophwanyika. Ndinachiyandikiza kumaso, ndinachitalikitsa, ndinapita nacho padzuwa, ndinapita nacho pamthunzi. Mwana wanga sanatulukemo.

Ndinabwerera ku sitolo ija kukadandaula. Wogulitsayo anangokweza mapewa, ati foni ilibe vuto, mwina ndi netiweki ya kwanuko. Ndinavomera, poti netiweki ya kwathu ndimaidziwa, imafuna munthu akwere pa chulu. Ndinapempha achemwali kuti azijambula panja, dzuwa likuwala. Anajambula. Zithunzi zinabwera zambiri, Tiyamike ali pa khonde, Tiyamike wavala yunifolomu tsiku loyamba sukulu, Tiyamike wanyamula nkhuku. Zonse nkhungu yokhayokha. Ngakhale mawu ake akamalankhula ankamveka otsika, ngati mwana wofunda bulangeti kumutu.

Zithunzi zimenezo ndikadali nazo zonse. Pamene ndikulemba izi ndakhala pa khonde lomwelo la pa chithunzi, ndipo ndikaziyang'ana ndimachita manyazi ndi kuseka nthawi imodzi. Koma nthawi imeneyo panalibe choseketsa.

Tsiku lina Asiyatu anatenga foni yanga n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anapita pa zithunzi zakale, n'kubwerera pa zatsopano.

"Amake Tiya, ndinene kapena ndisanene?"

"Nenani."

"Tsitsi la mwanayu likufiira. Taonani ichi cha kale, taonani ichi cha dzana. Nkhope yatuwa, masaya akuoneka otupa. Mwanayu akudya?"

Ananena mwachikondi, sindimuimba mlandu. Koma sankadziwa kuti wakhudza pati. Tili ana tinali ndi mlongo wathu wamng'ono, Yona. Chaka china cha njala tsitsi lake linafiira n'kuyamba kunyenyeka, miyendo inatupa, mawu anatsika. Ine ndi achemwali ndi amene tinkasinthana kumubereka kumbuyo, mpaka tsiku limene mayi anatiuza kuti mutsitseni, wapuma. Kuyambira pamenepo ndikaona tsitsi lofiira pamutu pa mwana, ndimaona Yona.

Ndinayang'ananso zithunzi zija ndi maso a Asiyatu, ndipo ndinaona zimene ananena. Mwezi ndi mwezi mutu wa Tiyamike unkanka nufiirira. Ndinawonjezera zotumiza, n'kunena kuti mugule mazira, mkaka, nsinjiro zisasowe m'phala. Achemwali ankangoti, "Akudya, usade nkhawa, akumaliza ndi za ine zomwe." Chithunzi chotsatira n'kubwera chofiira kuposa chija. Ndinasala kudya masiku atatu, ndinapemphera, ndipo ndivomere kuti sindinkapemphera kuti Mulungu andionetse choonadi. Ndinkamuuza choonadi chimene ndinali nditapanga kale ndekha.

Kenako ndinachita chinthu chimene ndimapemphabe chikhululukiro. Ndinajambula mawu n'kutumiza. Ndinati, "Achemwali, chithunzi sichinama. Mwana wanga akufa ndi njala m'manja mwanu pamene ine ndikutawasa munthu wamkulu kuno kuti iye adye. Kodi zimene ndimatumiza zimapita kuti? Munaiwala Yona?"

Anamvera tsiku lomwelo, ndinaona chizindikiro. Sanayankhe. Mawa lake ayi. Patapita masiku anayi kunabwera chithunzi cha kapepala koyera, kolembedwa zinthu zimene sindinathe kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi. Pansi pake panali mawu awo aafupi, otsika ngati mwa masiku onse.

"Esinati, bwera udzaone wekha."

Anali asananditchulepo dzina langa lenileni chibadwire Tiyamike. Zithunzi zinalekera pomwepo.

Ndinagwada kwa mwana wa agogo aja kupempha tchuthi. Anandipatsa mwezi umodzi, Asiyatu n'kupeza mnzake woti andigwirire. Basi inayenda masiku atatu, kudutsa Zimbabwe, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa pa Mwanza. Njira yonse ndinali ndi chikwama cha mkaka wa ufa pamiyendo, ndikukonza m'mutu kuti ndikangofika ndimutenga mwana kupita naye ku chipatala cha ku mishoni, ndipo achemwali sindiwalankhula.

Ku Limbe ndinakwera minibasi Lachisanu m'mawa. Mvula inali itagwa n'kukata, dzuwa likungotuluka m'mitambo. Ndinkasinza. Titapitirira Bvumbwe minibasi inakhota, ndipo ndinatsegula maso.

Tiyi. Abale inu, tiyi! Mapiri onse biriwiri, kutsika, kukwera, kutsikanso, mpaka kumene diso lalekera. Sunali mtundu umodzi ayi. Pamwamba pa mitengo, pamene pali timasamba tatsopano, panali kubiriwira kowala ngati pansi pake ayatsa nyale. M'mizere munali kubiriwira kwakuda. Mame anali pa tsamba lililonse, ndipo dzuwa linali m'dontho lililonse. Misewu ya katondo inadula pakati psuu, nkhungu yotsalira ikukwera kuchokera m'zigwa ngati utsi wa nsembe, ndipo kutali uko phiri la Mulanje litangoima duu, mutu wake m'mitambo. Pakati pa zonsezi panali timadontho ta anthu, madengu kumsana, manja akuvina pamwamba pa masamba.

Ine ndinathyola tiyi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinali kadontho kamodzi mwa timadontho timeneto. Koma wothyola sayang'ana phiri. Amayang'ana masamba awiri ndi kamphukira, masamba awiri ndi kamphukira, kenako sikelo. Ndipo zaka ziwiri za zithunzi zotuwa zinali zitandiphunzitsa kuti kwathu n'kotuwa. Ndinali nditakhulupirira. Tsono apa Mulungu anangotsegula chinsalu, ngati akuti, taona kumene ndinakuika.

Sindinadziwe kuti ndikulira mpaka kondakitala atandigwira paphewa.

"Amayi, mwaferedwa?"

"Ayi achimwene. Ndikuona tiyi."

"Tiyi? Kwanu n'kuti kodi, simunamuonepo?"

"Kwathu n'konkuno, kwa Khwethemule."

Minibasi yonse inafa ndi phwete. Bambo wina kumbuyo anati, "Musiyeni, ndi wa ku Joni ameneyo, taonani jekete. Akafika pa nthochi za ku Thekerani akomoka." Ndinaseka nawo misozi ili m'masaya. Koma pa Boma nditakwera njinga yamoto, mantha anabweranso. Dziko lokongola chonchi linali litamezapo kale mlongo wanga.

Ndinapeza achemwali akusita zovala za Sabata ndi simbi ya makala. Anandiyang'ana, anaika simbi pa mwala, anandilandira chikwama monga mwa mwambo, n'kundiyalira mphasa. Moni tinapatsana wa alendo. Posakhalitsa ana anayamba kudutsa kuchokera ku sukulu, ndipo kamtsikana kena kanapatuka n'kulowa pabwalo kakuthamanga, kakukuwa kuti, "Amayi aakulu, njala!" Katandiona kanaima n'kubisala kumbuyo kwa achemwali.

"Amayi ako awo," anatero achemwali. "Pita akakuyeze."

Anabwera pang'onopang'ono. Wamtali kufika m'chiuno mwanga. Mano awiri akutsogolo kulibe. Masaya odzaza, khungu losalala lonyezimira mafuta, maso a bambo ake enieni, ndi kachipsera pachibwano kamene sindinkakadziwa. Tsitsi lakuda bii, lolukidwa mizere isanu ndi umodzi yowongoka ngati mizere ya tiyi. Ndinaligwira. Ndinapatula ndi zala kuti ndione kumizu. Lakuda. Ndinagwada n'kudina chala pa mwendo wake, monga amatiphunzitsira ku sikelo ya ana, kuti ndione ngati patsale dzenje. Mnofu unabwerera nthawi yomweyo, wolimba ngati mbatata.

"Dinanso mwendo winawo," anatero achemwali. "Mwina njala tinaibisa kumanzere."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabuku ka kuchipatala. Anandiuza kuti atamva mawu anga aja sanagone. M'mawa mwake anajomba ku ntchito, anayenda ndi mwana mpaka ku mishoni kuti anamwino amuyeze. Anamwino anamuyeza n'kufunsa kuti mwana wabwinobwino chonchi mwamubweretseranji. Analemba m'kabukumo, ndipo kapepala koyera kamene ndinalephera kuwerenga kaja kanali tsamba limenelo.

"Ndinayamba kudzikayikira ndekha," anatero. "Ndinkati mwina maso anga azolowera, mwina mwana akuthadi ine osaona. Unatchula Yona, Esinati. Yona ndinamutsitsa kumsana ndine."

"Nanga zithunzi zija, achemwali? Tsitsi lija?"

"Kaya. Foni yako yomweyo. Ine ndinaisamala monga unanenera."

Anamasula mfundo ya chitenje m'chiuno n'kuitulutsa. Ndinaiyang'ana, ndipo ndinakhala pansi.

Aliyense wothyola tiyi amadziwa kuti m'munda mame amanyowetsa munthu mpaka m'chiuno ngakhale mvula isagwe. N'chifukwa chake timavala mapepala a pulasitiki pamwamba pa zitenje, ndipo chilichonse chofunika timachikulunga, kaya ndi khadi la ntchito, kaya ndi mbatata ya masana. Achemwali anatenga foni ija tsiku limene inafika, kapepala ka kusitolo kakadali pagalasi ndi pa kadiso kojambulira, anaiika m'pepala la pulasitiki la shuga, anaipinda kawiri, n'kumanga ndi kamphira. Pansi anaboola kabowo kolowetsera chaja. Kuyambira tsiku limenelo sanaivulepo. Ankadina pamwamba pa pepala, kulankhula pamwamba pa pepala, kujambula pamwamba pa pepala. Ndipo pepalalo, poyenda nalo m'chiuno tsiku ndi tsiku, m'mame, m'thukuta ndi m'fumbi la katondo, linakalabuka n'kumafiira mwezi ndi mwezi. Kufiira kwa tsitsi la mwana wanga kunali dothi la kwathu.

"Achemwali, bwanji simunkachotsa pojambula?"

"Ndivule chinthu chimene m'bale wanga wachikhetsera thukuta kudziko la eni? Foni ya mnzanga wa mzere umodzi inafa ndi mame sabata imodzi yokha. Iwe unati ngati dzira. Dzira amalisenda?"

Ndinadula kamphira kaja ndi mano. Foni inatuluka yatsopano, yopanda ndi kachikanda komwe, ngati yachokera m'sitolo m'mawa womwewo. Idzakupeza ili momwemo. Inandipezadi ili momwemo. Pamenepo ndinagwada pa dothi, ndinagwira mapazi a achemwali, mapazi ong'aluka ndi misewu ya pa esiteti, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira m'minibasi. Ndinati ndikhululukireni, ndinakhulupirira kagalasi kuposa inu.

Anandisiya ndilire pang'ono. Kenako anandikoka khutu ngati kale tili ana.

"Dzuka, amake Tiya, dzuwa likupita, Sabata litipeza tisanasese. Ndipo mkaka wabweretsawo ndimwa ndine. Woonda pano ndi ine."

Atanditchula amake Tiya ndinadziwa kuti zatha. Ndinawayang'anitsitsa koyamba, ndipo nthabwala yawo inali yoona. Mikono yawo inali yowonda kuposa mmene ndinaisiyira. Pa zithunzi zonse zija panalibe chawo ngakhale chimodzi, ndipo ine sindinapemphepo.

Lamlungu m'mawa tinapita tonse atatu m'mphepete mwa munda wa tiyi, foni ili yovula. Ndinajambula Tiyamike ataima ndi amayi ake aakulu. Chithunzi chinatuluka choyera, mpata wa mano ukuoneka, mizere ya tsitsi ikuwerengeka. Tiyamike anakuwa kuti, "Ndine! Ndine ameneyu!" poti nayenso anali asanadzionepo bwino. Koma ine nditayang'ana pa foni n'kukweza maso, ndinakhumudwabe pang'ono. Kubiriwira kuja kunalowa theka lokha. Phiri linachepa ngati chulu. Fungo la masamba onyowa, kuzizira kwa mame m'mapazi, nyimbo ya amayi othyola kutsidya kwa chigwa, dzanja la mwana lofunda m'dzanja langa, zonsezi zinatsala panja. Ndinajambula kachiwiri, kachitatu, kenako ndinaleka. Zimene manja a Mulungu anayala pa mapiri awa sizikwana m'thumba la munthu, ndipo ndikuthokoza kuti sizikwana.

Sabata yamawa ndikubwerera, chifukwa agogo aja akundidikira ndipo Tiyamike akufunika kuphunzira kupitirira pamene ine ndinalekera. Ndikupita ndi nkhope yake m'mutu, ndipo ulendo uno ndaiyang'ana mokwanira. Pepala la shuga lofiira lija ndalipinda n'kuliika m'Baibulo, kuti tsiku lina mtima ukadzayambanso kuweruza anthu a kwathu ndili kutali, ndidzalione.

Dzulo ndinapeza achemwali pa mphasa, foni pamiyendo, pepala la shuga latsopano m'manja.

"Achemwali! Mwayambanso?"

"Mame sanasamuke chifukwa iwe wabwera," anatero.

Anaikulunga, anaipinda kawiri, anamanga ndi kamphira. Kenako anatenga lezala, anafunafuna ndi chala pamene pali kadiso, n'kudula kazenera kakang'ono ngati njere ya nandolo. Anaikweza, anandiloza nayo, n'kutsinzina diso limodzi.

"Taima bwino, nawenso tikujambule. Tizikaona ngati ukudya ku Joniko."